Bowa wa Mlamu Wanga wa ku Mporokoso

Mlongo wanga anakwatira Mbemba m'zaka zija za mizere, pamene ukaona anthu afola kutsogolo kwa sitolo unkayamba waima kumbuyo kwawo, kenako n'kumafunsa kuti kwabwera chiyani. Tinkakhala ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, tonse pa poloti imodzi. Ine, amuna anga ndi ana athu aakazi awiri tinali m'nyumba yakutsogolo, amayi m'chipinda chapambali, ndipo mlongo wangayo, amene ndi wamng'ono kwa ine, anamanga kachipinda kake kumbuyo ndi njerwa zosawotcha. Iye ndi amuna anga ankagwira ntchito kumafakitale, wina yowotcherera zitsulo, wina yonyamula matumba. Amayi tinachita kukawatenga ku Katete bambo atamwalira, ndipo tauni sanaizolowere mpaka kalekale.

Mlamu wangayo kwawo kunali kumpoto, kufupi ndi Mporokoso. Mlongo wanga anamupeza ku Matero, komboni ina ya m'tauni momwemo, kumene ankakhala ndi azakhali ake ogulitsa tinsomba ta kapenta pamsika. Anali wamfupi, wa mpata kumano, ndipo akaseka ankamveka mpaka kumsewu. Chinyanja chake chinali chodzaza Chibemba moti masiku oyamba ndinkangovomera zinthu zimene sindinamve. Kwa amayi ankagwada mpaka kugona chammbali n'kuwomba m'manja, monga amachitira kwawo. Kwa ine ulemu wotere unatha msanga. Ife a kum'mawa ndi Abemba timanyozana mwachibale, choncho m'mawa ankandifunsa ngati ndagona bwino kapena ndinali kokumba mbewa, ine n'kumufunsa ngati kwawo anyani atsalako kapena anawamaliza.

Mvula yoyamba itagwa, tsiku lina anabwera kuchokera kumsika atasenza chinthu chimene poyamba ndinayesa lichero lovundikira.

"Ba mulamu, bwerani muone nyama," anatero akutula pakhonde.

Anali bowa, koma wamkulu kuposa aliyense amene ndinaonapo, tsinde lake lonenepa ngati mkono wanga. Ku Katete tinkadziwa utale wa pachulu, koma uyu anali ngati atate ake a utale. Anati kwawo amamutcha chikolowa, ndipo mmodzi yekha amakwanira banja lonse ndi mlendo yemwe. Sanamudule ndi mpeni. Anamung'amba ndi zala m'timizere titalititali, n'kumuphika ndi mchere, anyezi ndi tomato mmodzi. Mafuta ophikira, amene ku Lusaka timati saladi, anali atasowa m'masitolo kwa nthawi yaitali, koma palibe amene anawakumbuka tsiku limenelo. Ukaluma unkatafuna ndithu, ngati nyama ya pachifuwa pa nkhuku, ndipo msuzi wake unkanunkhira dothi limene langolandira mvula. Amuna anga, munthu wosayamika chakudya, anapempha kuti awonjezeredwe.

Amayi okha ndi amene anakankhira mbale kumbali.

"Ine bowa wogula sindidya, apongozi," anatero mwaulemu. "Ndipatseni kapenta wadzulo uja."

Mlamu anakhumudwa, poganiza kuti akanidwa chifukwa cha mtundu wake. Tikutsuka mbale ndinamufotokozera. Amayi ali mtsikana, mayi awo aang'ono anazula bowa m'munda n'kuphikira banja lawo. Anamwalira iwo ndi ana awo awiri, ndipo amayi anali m'gulu la asungwana amene ankatunga madzi pa malirowo. Kuyambira pamenepo ankadya utale wokhawokha, wozula okha pachulu chimene akuchidziwa. Ankati bowa wa m'tauni alibe mwini wake, ukadwala naye ukafunsa ndani.

Mlamu atamva anati, "Ni zoona. Ba mayo ali na nzeru. Nizawaonetsa mwini wake ni ine."

Chaka chomwecho anandikokera mu malonda ake. Kunali malole a makala amene ankapita njira ya ku Mumbwa m'mamawa opanda katundu, ndipo tikamupatsa kangachepe dalaivala ankatikweza kumbuyo ndi madengu athu. Tinkatsika kumene mitengo ya mombo ndi misuku inali isanadulidwe. Ine ndinakulira kumudzi, koma kwathu tchire linali litasanduka minda ya thonje ndi fodya, moti ndinkadziwa mitundu iwiri kapena itatu yokha. Iye ankayenda m'tchire ngati ali m'khitchini mwake. Ankaima, kuyang'ana masamba ouma amene atukuka pang'ono, kuwasesa ndi phazi, pansi pake n'kupezeka bowa.

Anandionetsa tente, woyera wa chipewa choterera, amene amatuluka m'dothi ngati dzira. Nditamuyang'anitsitsa ndinazindikira kuti ndi ndelema wathu yemwe uja, ndipo tinaseka kuti bowa mmodzi ali ndi mayina awiri ngati munthu wothawa msonkho. Tente ndi wofewa, amapsa msanga, msuzi wake ndi wotelera wokoma kumeza, koma sagona. Ukamusiya mpaka mawa umapeza mphutsi zakuyambira kale. Anandionetsa chitondo, wachikasu chofiirira, wopindika ngati kafanulo, wonunkhira ngati zipatso zakupsa za m'tchire. Ameneyu mphutsi sizimukonda, ndipo ukamukazinga ndi anyezi amasiya kukoma kwina kothetsa malovu kukhosi, ngati muli katsabola kakutali. Amene ndinamukonda kwambiri anali kabansa, wolimba, amene ukamuthyola amatuluka timadzi ta mtundu wa lalanje. Masana tinkasonkha kamoto, kumuwaza mchere n'kumuwotcha pamakala, ndipo ankalira m'kamwa pomutafuna ngati chinangwa chachiwisi.

Panali bowa wambiri wokongola amene ankangomudutsa. Ndikamufunsa, ankati, "Uyo sinimuziba dzina." Lamulo lake linali limenelo basi: amene mayi ake sanamuikepo m'manja n'kumuuza dzina, sankamukhudza. Zoti ukaona nyani kapena kamba wadyako ndiye kuti ndi wabwino, ankati ndi bodza limene linaika anthu ambiri m'manda. Tikafika kunyumba ankakhuthula madengu onse pamphasa n'kuonanso mmodzimmodzi, wanga ndi wake yemwe, asanalole kuti chilichonse chipite kumsika kapena mumphika.

Kumsika wa Kanyama tinali ndi kamalo kathu pansi, pafupi ndi ogulitsa makala. Khadi lake la chipani ankalimanga pamfundo ya chitenje, poti popanda ilo sunkaloledwa kuyala thumba. Abemba a m'komboni anamudziwa msanga. Madzulo ankabwera amuna ochokera kuntchito, ena a ku Kopala amene migodi inawataya, kudzaima pamulu wa chitondo n'kumaununkhiza asanagule, ngati akupereka moni kwa m'bale wawo.

Wotsala tinkamufutsa. Tinkamuwiritsa pang'ono m'madzi amchere n'kumuyanika pamalata a denga dzuwa likatuluka, ndipo mitambo ikachita mdima tonse tinkathamangira pamakwerero. Ukauma ankada n'kukwinyika, osaoneka ngati chakudya, koma m'miyezi ya chilimwe ndi amene ankatisunga. Mlamu ankamuviika m'madzi, kumuphika ndi chidulo pang'ono kuti afewe, kenako n'kuthira nsinjiro zambiri mpaka msuzi ulimbe. Bowa wofutsa wotendera amaposa wamuwisi. Kukoma kwake kumakhala kozama, kwautsi pang'ono, ndipo safuna saladi ngakhale dontho. Nyama tinkaiona pa Khirisimasi ndi pamaliro a anthu olemera. Mwana wanga wamkulu anali atayamba kufiira tsitsi ndi kutupa masaya, ndipo asisitere a kukiliniki anandiuza kuti phala lokha silikwanira, ndizimupatsa nyemba, mtedza ndi ndiwo zosiyanasiyana. Nditawafunsa za bowa anati ndi wabwino, makamaka wotendera, bola asakhale yekha masiku onse. Mwanayo ankakana nyemba koma bowa wa mlamu ankanyambita mbale, ndipo pofika nthawi yozizira tsitsi lake linali litadanso.

Amayi ankaona zonsezi. Poyamba ankakhala patali tikamasankha bowa pamphasa, kenako anayamba kusendeza mpando wawo. Mlamu sanawakakamize. Ankangotola mmodzi, kuwaonetsa kunsi kwake, kutchula dzina, n'kuika m'dengu. Akapeza wokayikitsa m'dengu langa ankamuponya kutali amayi akuona. Tsiku lina m'chilimwe tikudya, amayi anatambasula mbale yawo osayang'ana munthu.

"Tandithirireniko kamsuzi kokha, apongozi."

Mlamu anathira msuzi, ndipo tizidutswa tiwiri ta kabansa tinagweramo ngati mwangozi. Amayi anadya ndi tizidutswa tomwe. Kuyambira tsiku limenelo anthu awiriwa anagwirizana moti ine mwana wawo ndinkachita nsanje. Mlamu ankawawenga zikhadabo, ankawaperekeza kutchalitchi atawanyamulira kampando, ndipo amayi anamuphunzitsa kuphika thobwa la mawere la kwathu. Mlamu atakhala ndi pakati, woyamba kudziwa anali amayi, mwamuna wake asanauzidwe.

Mvula ya chaka chachiwiri inali yoopsa. Kanyama anamangidwa pathanthwe, ndiye madzi akagwa salowa pansi, amangoima. Chaka chimenecho anafika m'mawondo m'njira zambiri. Tinkayenda pamiyala ndi pamatayala akale, nyumba zina za njerwa zosawotcha zinagwa, ndipo zimbudzi zinasefukira. Mpope unali kutali ndipo nthawi zambiri unali wouma, choncho mzere wathu wonse wa nyumba unkatunga pachitsime cha pabwalo la anansi athu. Madzi ake ankaoneka oyera, ndipo tinali titamwa kwa zaka popanda vuto.

Loweruka lina mvula italekeza, ine ndi mlamu tinapita kutchire n'kubwera ndi tente wambiri. Tinamusankha tonse awiri pamphasa monga mwa masiku onse. Lamulungu titachoka kutchalitchi anaphika ndi tomato ndi anyezi, ndipo tinadya tonse kupatula mwana wanga wamng'ono, amene anali akuyamwa ndipo chakudya chake chinali phala. Mlamu anangolawa pang'ono. Mimba inkamuvutitsa, fungo la ndiwo linkamuchititsa nseru, ngakhale madzi ozizira sankakhala m'mimba mwake. Masiku amenewo ankangokhalira tiyi wopanda shuga ndi chinangwa chowotcha.

Mawa lake masana matenda anatiyamba. Amayi ndiwo anayamba kusanza, kenako mwana wamkulu, kenako ine. Amuna awiriwo anabwerera kuntchito nthawi isanakwane atagwira pamimba. Ine ndinatsegula m'mimba kuposa onse, mpaka maso analowa mkati ndipo miyendo inkakokana. Ndimakumbukira pang'ono chabe kuti anandigoneka mu wilibala, anansi akukankha m'madzi kupita kumsewu, ndipo ndinamva mwana wanga wamng'ono akulira kumbuyo kwa mlamu. Kenako ndinadzidzimuka ndili m'chipatala chachikulu, botolo la madzi lili pamkono.

Ndinakhalamo masiku angapo. Amuna anga ankabwera, atawonda, ndipo ndikafunsa za ana ankati ali ndi amayi. Tsiku lotuluka, titafika pachipata, anandikhazika pakhoma lalifupi la pamenepo n'kuchotsa chipewa. Anandiuza kuti wamng'ono uja anayamba kudwala madzulo a tsiku lomwe ananditenga. Mlamu anamubereka n'kudutsa naye m'madzi mpaka kukiliniki, ndipo anakhala naye kumeneko, koma mwanayo sanachedwe kumwalira. Anamuika kumanda a ku Chingwere ine ndisakudziwa dziko. Madokotala anati asandiuze mpaka nditapeza mphamvu.

Za kulira kwanga sindilemba. Chimene ndikufuna kulemba ndi chimene ndinapeza kunyumba. Chitseko cha kachipinda kakumbuyo chinali chotseka, ndipo m'matope a pabwalo munali mutamwazika bowa wofutsa, amene tinasunga m'matumba chaka chonse, atafufuma ndi madzi ndi kupondedwa. Ndinafunsa kuti mlamu ali kuti. Anandiuza ndi mayi wina wachikulire woyandikana nafe, atanditengera kuseri kwa nyumba.

Anati pamaliro, anthu atabwerako kumanda, mayi wina wakwathu kum'mawa anafunsa mokweza kuti zatheka bwanji nyumba yonse kugwa, wophika yekha n'kukhala wamoyo bwinobwino. Wina anawonjeza kuti wophikayo sanadye n'komwe. Amayi anali atagona pamphasa, ofooka ndi matenda ndi chisoni. Atamva mawuwo anadzuka n'kuyamba kulira maliro ena, kutchula mayi awo aang'ono ndi ana awo aja. Analoza mlamu n'kunena kuti, "Ndinakana ine. Ndinakana, munandinyengerera. Mwandiphera mdzukulu." Wina atakumbutsa kuti khandalo silinadye bowa, anayankhidwa kuti poizoni anadzera m'mawere a mayi ake. Anyamata ena analowa m'kachipinda, kutulutsa matumba a bowa n'kuwakhuthulira m'madzi. Atcheyamani a chipani a m'dera lathu anayesa kuletsa, nati tidikire mawu a chipatala, koma anthu anali atatentha kale. Abemba amene anabwera kudzaphika pamaliro monga mwa mwambo wa chibale chathu anavula zitenje za m'chiuno n'kuima mbali imodzi ndi mwana wawo.

Mlamu akuti sanalire kapena kudziteteza. Anangoyang'ana mwamuna wake. Mlongo wanga anali atangobwera kumene kokwirira mwana wa mlongo wake, matope ali m'miyendo, amayi ake akugubuduka pansi. Anayandikira mkazi wake n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pita kaye kwa azakhali ako. Vinthu vikazizira nizabwera kukutenga." Azakhali akewo analipo. Anamugwira dzanja, kulowa naye m'kachipinda, kumanga zovala zake m'chitenje, n'kutuluka naye anthu onse akuona.

Ndinapita kwa amayi tsiku lomwelo. Ndinawauza kuti bowa uja ndinamusankha ndi manja anga, munalibe wachilendo ngakhale mmodzi. Anatembenukira kukhoma. Ndinauza mlongo wanga kuti apite ku Matero msanga, iye anati adikire amayi akhaleko bwino, poti akamuona mkaziyo pakhomo angadwalenso. Ine mwini sindikanatha kupita, poti mphamvu zanga zinkathera pachimbudzi, ndipo madzi anali akadali m'njira.

Mawu a chipatala anabwera okha. Matenda aja anapitirira mumzere wathu, m'nyumba zimene sizinalawe bowa chaka chonse. Kwa eni chitsime kunamwalira nkhalamba, ndipo mayi uja amene anayambitsa funso pamaliro nayenso anagonekedwa ndi ana ake. Kunabwera anthu a zaumoyo ovala majombo, anathira mankhwala m'zitsime, china n'kuchitsekeratu, ndipo anayenda khomo ndi khomo kunena kuti madzi a m'zimbudzi alowa m'zitsime, aliyense aziwiritsa madzi akumwa. Mmodzi anaima pakhomo pathu n'kufotokoza zimenezi amayi ali pakhonde. Ndinaona nkhope yawo pamene ankamva za kuwiritsa. Anayang'ana ketulo yakuda ija imene mlamu ankaphikira tiyi wake, imene inali ikadali pambaula. Tsiku lonselo sanadye.

Lamulungu lotsatira anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, anagula nkhuku yoyera, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze ku Matero. Munthu amene ankaopa basi anakwera osadandaula. Tinapeza azakhali a mlamu akusankha kapenta pakhomo. Sanatipatse mpando. Amayi anagwada pafumbi, nkhuku ili m'manja, munthu wamkulu kugwadira mnzake wamsinkhu umodzi.

"Ndabwera kudzapepesa kwa apongozi anga. Ndinalakwa. Pakamwa panga panathamanga."

"Mwachedwa, ba mayo," anatero azakhaliwo. "Anakwera sitima. Amalume ake anatuma mawu kuti abwerere, mwana akabadwire kwawo. Apa anali kungokhala pa chitseko kuyangana njira. Mwamuna wake Matero saiziba? Si kuno anamupeza?"

Nkhuku anaikana. Tinabwerera nayo, amayi ataifungatira pamiyendo m'basi ngati mwana.

Mlongo wanga anapempha tchuti patapita miyezi ingapo mvula itatha, n'kupita kumpoto. Ulendo unali wautali, sitima kenako lole. Anabwerera yekha. Anatiuza kuti anamulandira bwino, anamuphera nkhuku, palibe anamunyoza. Mwana anali atabadwa, wamwamuna, ndipo anamulola kumunyamula. Atapempha kuti abwerere ndi mkazi wake, amalume a mkaziyo anati iwo saletsa, afunse mwini wake. Mlamu anamuyankha pamaso pa onse. Anati amayi sanawasungire chakukhosi, poti anali kulira ndipo anali ndi bala lakale. Anati ine andipatse moni ndi kundipepesa maliro, poti sanapeze mpata wondipepesa yekha. Koma kwa mwamuna wake anati, "Imwe munali kuziba manja anga. Mukanakamba chabe liwu limodzi kuti uyu ni mukazi wanga, sachoka pano. Munati nipite kaye." Anakana kubwerera, ndipo kwa Abemba monga kwa ife Achewa mwana ndi wa kuchikazi, choncho panalibe mlandu woti n'kuzenga.

Malonda a bowa ndinayesa kupitiriza ndekha mvula yotsatira, koma sizinayende. M'tchire ndinkakayika chilichonse chimene ndazula, ndipo kumsika anthu ankadutsa mulu wanga ngati saundiona. Mbiri yoti nyumba ija inadya bowa wakupha inakhala nthawi yaitali kuposa mawu a anthu a zaumoyo. Nayonso mitengo ya njira ya ku Mumbwa inkatha chaka ndi chaka, malole omwe ankatinyamula aja akuibweretsa m'tauni m'matumba. Ndinayamba kugulitsa tomato ndi repu.

Amayi anapempha kubwerera ku Katete. Anati tauni yawasandutsa munthu amene samudziwa. Anakhala zaka zochepa kumeneko, ndipo nthawi iliyonse ndikapita kukawaona ankandifunsa ngati kwabwera mawu ochokera kumpoto, ndiponso ngati mwanayo anatengera mphumi ya bambo athu. Anamwalira asanamuone. Mlongo wanga anapitanso kumpoto kamodzi mwana akuyamba sukulu, anapeza mlamu atakwatiwa ndi mphunzitsi wina, ndipo sanapitekonso. Iyenso anakwatira mkazi wina wabwino wa ku Chadiza n'kusamukira kukomboni ya George, koma anakhala munthu wosalankhula, wokonda kukhala yekha kuseri kwa nyumba ndi botolo.

Ine ndinkati ndidzapita. Ndinkati ana akakula, ndikapeza ya sitima, chaka chikakhala chabwino. Zaka za mizere zinatha, zipani zinachuluka, mafakitale ambiri anatsekedwa, amuna anga anachotsedwa ntchito, ndipo ulendo wa ku Mporokoso unkangosunthira kutsogolo.

Mlongo wanga atamwalira, tinalengeza pawailesi monga ankachitira anthu masiku amenewo. Tsiku loika maliro kunafika mwamuna wamtali wovala jekete lakuda, amene palibe anamudziwa. Anakhala kwa amuna. Titabwerako kumanda anapempha kuonana ndi mlongo wa malemu, ndipo atagwada patsogolo panga ndinaona mphumi ya bambo athu. Anali mwana wa mlamu uja, tsopano dalaivala wa malole a mtunda wautali, anamva uthengawo ali ku Kapiri. Chinyanja ankachimva koma ankayankha m'Chibemba, ndipo mwana wanga wamkulu ndi amene ankatithandiza pamene tasemphana.

Ndinamufunsa za mayi ake. Anati anamwalira zaka ziwiri zapitazo, atadwala nthawi yochepa, ndipo anasiya ana ena anayi. Kenako ndinamufunsa ngati ankatitchulako. Anaganiza kaye, poti sanafune kundinamiza. Anati za ku Lusaka sankakonda kukamba. Chimene ankadziwa iye n'choti bambo ake ali kumeneko, kuti kuli azakhali ake amene anali mnzawo wa mayi ake, ndi kuti kunamwalira mwana wakhanda amene mayi ake anamubereka kumsana popita naye kuchipatala. Anati dzina la mwanayo mayi ake analipatsa mlongo wake woyamba.

Anapempha kuti mawa lake ndikamuonetse manda a mwanayo asanapitirire ulendo. Tinapita ku Chingwere ndi mwana wanga wamkulu. Amuna anga, amene ankadziwa malowo bwino, anali atamwalira kale, ndipo ine ndinali nditapitako kawiri kokha, pamene kachikwangwani kachitsulo kanali kakadalipo. Tinapeza mbali ya ana itamera udzu wofika m'chiuno, mitumbira itaphwa, zikwangwani zambiri zitazulidwa ndi ogula zitsulo. Tinazungulira mpaka dzuwa linatentha. Pomaliza tinaima pansi pa mtengo wina umene ndinkauganizira kuti unali pafupi, iye anavula chipewa n'kupemphera m'Chibemba, ife n'kuyankha amen. Anatiperekeza pabasi, n'kupita kukatenga lole yake.